Kodi kutambalala kwa sikirini kumachititsa kuti amuna ndi akazi aziona mosiyana?

aMbewe

Akuluakulu, ndabwera ndi funso limene landizunguza mutu kwa miyezi iwiri tsopano. Ndimaphunzitsa makompyuta pa kasukulu kena ka ntchito zamanja, ndipo chaka chino eni ake anachotsa masikirini akale aja a mainchesi 17, ooneka ngati mbali zake zonse n'zofanana, n'kutiikira atsopano otambalala a mainchesi 18.5. Ine ndinkayembekezera kuti aliyense akondwera popeza nambala ya mainchesi yakwera, koma sizinatero. Ophunzira aakazi ambiri anayamba kudandaula kuti tsamba silikuoneka lonse, kuti atopa ndi kulikweza ndi kulitsitsa, ndiponso kuti maso akuwawawa pofika masana, moti awiri anachita kupempha kuti tiwabwezere akale aja. Anyamata ndiye anasangalala kwambiri, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anabwera kudzadandaula.

Mphunzitsi mnzanga anandiuza motsimikiza kuti nkhaniyi ndi yachibadwa, yoti maso a mwamuna ndi a mkazi analengedwa mosiyana, choncho sikirini yokomera mwamuna siingakomere mkazi. Sindinamutsutse chifukwa ndinalibe umboni, komanso sindinamuvomereze chifukwa mawu oterewa ndawamva kambirimbiri m'kamwa mwa anthu amene sanayezepo kanthu. Chimene ndikufuna kudziwa ndi ichi: kodi mulingo wa mbali yopingasa ya sikirini poyerekeza ndi mbali yoimirira, uja amaulemba kuti 4:3 kapena 16:9, umasinthadi mmene munthu amaonera zinthu, ndipo ngati umasintha, kodi alipo kafukufuku wodalirika wosonyeza kuti umakhudza amuna ndi akazi mosiyana? Eni sukulu akufuna kugula masikirini ena khumi chaka chamawa ndipo andipempha maganizo, ndiye sindikufuna kuwapatsa malangizo ochokera m'mphekesera.

aPhiri

Bambo Mbewe, tisanafike pa za maso a amuna ndi akazi, ndikupempha kuti tiyambe tatenga tepi n'kuyeza masikirini awiriwo, chifukwa ndikukhulupirira kuti gwero la madandaulowo lili pomwepo. Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi a kanema ndi makompyuta, ndipo zimene ophunzira anu akunenazo si zachilendo kwa ine. Nambala ya mainchesi imene amalemba pa katoni si ya mbali yopingasa kapena yoimirira ayi, koma ndi ya mzere wochokera pa ngodya ya m'munsi kukafika pa ngodya ya m'mwamba ya mbali inayo. Sikirini ikamatambalala mzere umenewu umatalika, ngakhale msinkhu wa sikiriniyo utakhala kuti ukuchepa. Masikirini ambiri opyapyala a mainchesi 17 amene anadzaza m'maofesi zaka zapitazo anali a mulingo wa 5:4, okhala ndi timadontho topanga chithunzi 1280 chopingasa ndi 1024 choimirira, ndipo galasi lake linali la masentimita pafupifupi 34 chopingasa ndi 27 choimirira. Atsopano a mainchesi 18.5 nthawi zambiri amakhala a 16:9, a timadontho 1366 ndi 768, ndipo galasi lake ndi la masentimita pafupifupi 41 ndi 23. Ndiye taonani: mwapindula masentimita 7 m'mbali koma mwataya masentimita 4 mu msinkhu, ndipo pa mizere inayi iliyonse ya timadontho imene munali nayo, umodzi wapita. Munthu amene akulemba kalata kapena kulowetsa manambala m'mabuku a ndalama amafuna msinkhu, popeza pepala la A4 ndi loimirira, la mamilimita 210 chopingasa ndi 297 choimirira, pamene woonera filimu kapena wosewera gemu amafuna malo a m'mbali.

Tizikumbukiranso kuti milingo imeneyi sinasankhidwe poyeza maso a munthu, kaya wamwamuna kaya wamkazi. Mulingo wa 4:3 unachokera ku filimu ya mamilimita 35 imene William Dickson anakonza akugwira ntchito kwa Thomas Edison cha m'ma 1890, ndipo wailesi ya kanema itabwera inangotengera womwewo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, anthu a ku America atayamba kukhala pakhomo n'kumaonera TV, makampani a mafilimu anafunafuna chinthu chimene TV sikanatha kupereka, n'chifukwa chake njira yoonetsera mafilimu otambalala yotchedwa Cinerama inatuluka mu 1952, CinemaScope ya kampani ya 20th Century Fox n'kutsatira mu 1953, ndipo patapita nthawi mulingo wa 2.35:1 unakhazikika pa mafilimu otambalala. Mulingo wa 16:9 umene tikulimbana nawo lerowu anaupereka ndi injiniya wina dzina lake Kerns Powers m'zaka za m'ma 1980, ndipo cholinga chake chinali kuyanjanitsa mbali ziwiri, chifukwa uli pakati pa 4:3 ndi 2.35:1 mwa njira yoti zithunzi za mitundu iwiri yonseyo zimalowamo popanda kuwononga malo ambiri. Makompyuta anadzaulandira mochedwa, makamaka chifukwa mafakitale anaona kuti n'zotchipa kudula magalasi a TV ndi a kompyuta pa mulingo umodzi. Mlembi wa mu ofesi palibe amene anamufunsa.

Ndili ndi pempho limodzi. Pa kompyuta iliyonse m'kalasi mwanumo, tsegulani pulogalamu yojambulira, mujambule chinthu chozungulira bwinobwino ngati ndalama yachitsulo, kenako muchiyeze ndi rula pagalasi pomwepo, chopingasa ndi choimirira. Makompyuta akale ena akalumikizidwa ku sikirini yatsopano popanda kusintha makonzedwe ake amangotumiza chithunzi cha 1024 ndi 768, ndipo sikirini imachikoka kuti chidzaze malo a 1366. Zikatero chinthu chilichonse chimanenepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, zilembo zimaphwatalala n'kumaoneka mwachimbuuzi, ndipo munthu wowerenga tsiku lonse sangalephere kumva maso kuwawa.

aMwale

Ine ndikugwirizana ndi mphunzitsi mnzanu uja, Bambo Mbewe. Kuyambira kale mwamuna anali mlenje, ndipo mlenje amaponya maso patali pa nyama imodzi, pamene mkazi anali wosamala pakhomo, wofunika kuona mwana ali uku, mphika uli uko, nkhuku zikulowa m'nyumba mbali inayo. Ndinawerengapo kuti n'chifukwa chake akazi amaona kwambiri za m'mbali pamene amuna amaona ngati akusuzumira m'paipi. Masamu a Bambo Phiri sindikuwakana, koma sakufotokoza chifukwa chimene madandaulo anagawikira ndendende pakati pa atsikana ndi anyamata, pamene masikirini amene onse analandira ndi amodzimodzi.

Nabanda

Bambo Mwale, mundikhululukire, koma mfundo yanuyo ikudzitsutsa yokha. Akazi akanakhala kuti amaona kwambiri za m'mbali, iwowo ndi amene akanakondwera ndi sikirini yotambalala, ndipo amuna osuzumira m'paipi aja ndi amene akanapempha yakale. Zimene Bambo Mbewe afotokoza n'zosemphana ndi zimenezo. Nkhani ya mlenje ndi yokoma kumva, koma munthu angathe kuipinda kuti ifotokoze chilichonse chimene chachitika, ngakhale zinthu ziwiri zotsutsana, ndipo ine nkhani yotero ndimaikayikira.

Ndakhala ndikugwira ntchito yoyeza maso kwa zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndinene zimene zimadziwika. Munthu wa maso abwino akayang'ana kutsogolo osatembenuza mutu amaona dera la madigiri pafupifupi 200 chopingasa ndi pafupifupi 130 choimirira, ndipo pa madigiri 200 amenewo, pafupifupi 120 a pakati ndi amene maso onse awiri amaona limodzi. N'zoona tsono kuti dera limene munthu amaona ndi lotambalala, koma ndi lotambalala kwa tonsefe. Makina amene amayezera dera limeneli kwa odwala matenda a maso otchedwa glaucoma amayerekeza zotsatira za munthu ndi za anthu a zaka zofanana naye, chifukwa ukalamba ndi umene umafooketsa maso, ndipo palibe muyezo wina wa amuna ndi wina wa akazi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti m'dera lonselo, malo amene timaona bwinobwino moti n'kuwerenga chilembo ndi ochepa kwambiri, madigiri awiri okha, ngati kukula kwa chikhadabo cha chala chachikulu mukatambasula mkono. Kachigawo ka m'kati mwa diso kotchedwa fovea ndi kamene kamagwira ntchito imeneyi, ndipo kuti tione tsamba lonse maso amadumphadumpha katatu kapena kanayi pa sekondi iliyonse, ubongo n'kumalumikiza zidutswazo osatiuza. Kapangidwe ka sikirini kamalowerera pamenepa. Mzere wa mawu ukayambira kumapeto kwa sikirini yotambalala mpaka kukafika kumapeto kwinako, diso likamaliza mzerewo limayenera kudumpha mtunda wautali pobwerera kumanzere, ndipo kawirikawiri limakatera pa mzere wolakwika. N'chifukwa chake nyuzipepala, ngakhale pepala lake ndi lalikulu, imadula nkhani m'timadanga topapatiza. Vuto limeneli limagwira aliyense wowerenga.

Komanso diso silidziwa mainchesi, silidziwa 16:9. Chimene limadziwa ndi kukula kwa malo amene chinthu chatenga patsogolo pake, ndipo zimenezo zimadalira mtunda. TV ya mainchesi 32, imene galasi lake ndi la masentimita 71 chopingasa, mukamaionera pa mtunda wa mamita atatu imatenga madigiri 13 kapena 14 okha, chimodzimodzi ndi foni ya masentimita 7 imene mwaiimiritsa masentimita 30 kuchokera kumaso. Wophunzira wa Bambo Mbewe akakhala masentimita 60 kuchokera pagalasi, sikirini yakale ija inkatenga madigiri pafupifupi 32 ndipo yatsopanoyi ikutenga pafupifupi 38. Pa madigiri 200, zonse ziwirizi zili pakatikati penipeni, kutali ndi m'mphepete mwa dera loona, choncho ngakhale zikanakhala zoona kuti akazi amaona za m'mbali kuposa amuna, mphatso imeneyo sikanagwira ntchito pa masikirini amenewa.

Sindikunena kuti kusiyana kulibiretu. Kodziwika bwino ndi kwa kaonedwe ka mitundu ya zinthu. Mwa anthu a mtundu wa kumpoto kwa Ulaya, mwamuna mmodzi mwa 12 alionse amavutika kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, pamene mwa akazi ndi mmodzi mwa 200, ndipo ngakhale kuti mwa anthu a mu Africa chiwerengerochi n'chotsikirapo, amuna ndi amene amachulukabe. Chifukwa chake n'chakuti malangizo achibadwa opangira timaselo toona mitundu iwiriyi ali pa chromosome (kanthu ka m'selo kosunga malangizo oterewa) ya X, imene mwamuna ali nayo imodzi pamene mkazi ali nazo ziwiri, moti ina ikakhala ndi vuto inzake imaphimba. Mu 2012 Israel Abramov ndi anzake a ku Brooklyn College ku New York anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti amuna amene anawayeza ankaposa pang'ono poona tinthu ting'onoting'ono ndi tinthu tosintha mofulumira, pamene akazi ankaposa pang'ono posiyanitsa mitundu yoyandikana. Zonsezi zikukhudza mtundu ndi kuthwa kwa chithunzi, osati kapangidwe ka galasi, ndipo mnyamata wosasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira adzavutika mofanana pa 4:3 ndi pa 16:9. Ngati Bambo Mbewe akufuna kusamalira kusiyana kwenikweni kwa maso m'kalasi mwawo, ayambe ndi kusiya kulemba zilembo zofiira pamalo obiriwira.

Nankhoma

Mayi Nabanda afotokoza bwino za diso. Ine ndikufuna kuonjezera za ubongo, chifukwa funso la Bambo Mbewe linafufuzidwapo ndithu, ngakhale kuti zotsatira zake sizikuloza kumene mnzawo uja akuganiza.

Felemu yozungulira chinthu imasinthadi mmene timachionera. Jambulani mizere iwiri yofanana ndendende, wina wogona, wina woimirira pakati pa wogonawo ngati chilembo cha T chozondoka, ndipo mudzapeza kuti pafupifupi aliyense akunena kuti woimirirawo ndi wautali. Adolf Fick analemba za chinyengo cha maso chimenechi mu 1851, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Theodor Künnapas wa ku Stockholm anapereka maganizo akuti chimodzi mwa zifukwa zake ndi kapangidwe ka dera loona lija: popeza ndi lalifupi choimirira, mzere woimirira umadzaza gawo lalikulu la malo ake n'kuoneka wautali. Iye anasonyezanso kuti mzere umaoneka wautali ukakhala m'felemu yaing'ono kuposa mmene umaonekera m'felemu yaikulu. Sikirini nayo ndi felemu, choncho pa gawo loyamba la funso lanu, Bambo Mbewe, yankho ndi lakuti inde.

Pa gawo lachiwiri m'pamene pafunika kusamala mawu. Mu 1948 Herman Witkin ndi Solomon Asch anayambitsa mayeso amene munthu amakhala m'chipinda chamdima akuona ndodo yowala m'kati mwa felemu yowala yopendekeka, n'kuuzidwa kuti aiwongole ndodoyo mpaka iime chilili. Ena amanyengedwa ndi felemu n'kuisiya ndodo itapendekera komwe felemuyo yapendekera, pamene ena amadalira thupi lawo kuti liwauze kumene kuli kumwamba. Pa kafukufuku wambiri amene anatsatira, gulu la akazi linkakokedwa ndi felemu mochulukirapo kuposa gulu la amuna. Palinso mayeso otembenuza chinthu m'maganizo, ochokera ku ntchito ya Roger Shepard ndi Jacqueline Metzler ya mu 1971, amene munthu amaona zithunzi ziwiri za timabokosi tolumikizana n'kunena ngati chili chinthu chimodzi chongotembenuzidwa, ndipo pa mayeso a mtundu umenewu amuna, powatenga monga gulu, amapeza malikisi okwererapo. Zimenezi sindingazibise, koma mawu akuti gulu musawadumphe. Akazi ambiri amaposa amuna ambiri pa mayeso omwewo, ndipo simungaloze wophunzira mmodzi n'kudziwiratu malikisi ake poona kuti wavala siketi kapena thalauza. Mu 2005 Janet Hyde wa ku University of Wisconsin anasanthula zotsatira za kafukufuku wochuluka kwambiri woyerekeza amuna ndi akazi pa luso ndi pa khalidwe, ndipo anapeza kuti pa zinthu 100 zilizonse zimene zinayezedwa, pa 78 kusiyana kunali kochepa kapena kunalibe n'komwe. Kutembenuza chinthu m'maganizo kunali m'gulu la zochepa zimene kusiyana kwake kumaoneka.

Kafukufuku amene akukhudza sikirini mwachindunji ndi wa Mary Czerwinski, Desney Tan ndi George Robertson, amene anachitikira ku Microsoft Research n'kufalitsidwa mu 2002. Iwo anapatsa anthu ntchito yoyenda m'malo ongopanga a pakompyuta, ooneka akuya ngati malo enieni, kufunafuna zinthu ndi kukumbukira pamene zili. Sikirini ikamasonyeza dera lopapatiza, amuna ankafulumira kuposa akazi. Atagwiritsa ntchito sikirini yaikulu yosonyeza dera lotambalala, magulu onse awiri anachita bwino, koma akazi anapindula kwambiri moti kusiyana kuja kunachepa zedi. Mu 2003 ofufuza omwewo anasonyeza kuti chimodzi mwa zimene zinkathandiza akazi ndi kuona malowo akuyenda mosadukiza pamene munthu akukhota, m'malo moti chithunzi chingodumpha kuchoka pa china kufika pa china. Maganizo awo anali akuti munthu akamaona kachigawo kochepa, ubongo umakakamizika kusunga zidutswa zambiri n'kumazilumikiza wokha kuti upange mapu, pamene dera lotambalala limaupeputsira ntchitoyo. Taonani tsono kuti pa kafukufuku ameneyu sikirini yotambalala inakomera akazi, zimene zili zosemphana ndi za m'kalasi mwanu. Taonaninso kuti ntchito inali yoyenda m'malo, osati yolemba kalata, ndiponso kuti chimene chinasintha ndi kukula kwa dera limene munthu akuona, osati nambala ya mulingo payokha.

Ndipo kusiyana kumene kulipoko si kosasunthika. Mu 2007 Jing Feng, Ian Spence ndi Jay Pratt a ku University of Toronto anatenga ophunzira amene sankasewera magemu a pakompyuta n'kuwaseweretsa gemu yothamanga ndi kuwombera kwa maola 10 okha. Atawayezanso anapeza kuti akazi apindula kuposa amuna, kusiyana pa luso lozindikira zinthu zomwazikana pa sikirini kunatsala pang'ono kutheratu, ndipo kusiyana pa kutembenuza chinthu m'maganizo kunachepa. Ngati maola 10 angasunthe chinthu chotere, ndiye kuti gawo lina la zimene timazitcha zachibadwa ndi zaka zimene mnyamata anathera pa gemu mlongo wake ali kumjigo. N'chifukwa chake ndikufuna kukufunsani, Bambo Mbewe, musanaganizenso za maso: kodi atsikana amene anadandaulawo ndi anyamata amene anakondwerawo amaphunzira zinthu zofanana pa makompyutawo?

aMbewe

Ndathokoza nonse, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti funso la Mayi Nankhoma landichititsa manyazi, chifukwa yankho lake linali m'kaundula wanga yemwe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine sindinadekhe. Pa atsikana 14 amene ndili nawo, 12 ali m'kalasi ya ulembi ndi kusunga mabuku a ndalama, ndipo tsiku lawo lonse limathera pa Word ndi Excel. Anyamata ambiri ali m'kalasi yokonza zithunzi ndi mavidiyo, kumene malo a m'mbali amawathandiza kuika zida zogwirira ntchito chithunzi chili pakati. M'kalasi ya ulembi muli anyamata atatu, ndipo nditawafunsa aliyense payekha, awiri ananena kuti nawonso sikirini yatsopanoyi ikuwavuta koma anaona kuti kudandaula n'kudzichotsa ulemu. Atsikana awiri a m'kalasi ya zithunzi anati sangalole kubwerera ku yakale.

Ndachitanso zimene Bambo Phiri anapempha, ndipo pa makompyuta 20, asanu anatulutsa chozungulira chooneka ngati dzira. Anayi mwa asanuwo ali m'chipinda cha ulembi, kumene kunapita makompyuta akale kwambiri. Chimene chandidabwitsa n'chakuti kwa miyezi iwiri palibe aliyense, ngakhale ine amene, anazindikira kuti zithunzi za anthu pa makompyuta amenewo zinali zonenepa. Zimatheka bwanji kuti munthu ayang'ane nkhope yokokedwa chotero osaona cholakwika? Ndipo Bambo Phiri, popeza masikirini tinagula kale, kodi pali njira yowapangitsa kuti athandize a ulembi podikira kuti tigule ena?

Nankhoma

Zimatheka chifukwa ubongo umazolowera msanga. Mu 1999 Michael Webster ndi Otto MacLin anasonyeza kuti munthu akayang'anitsitsa kwa kanthawi nkhope yopotozedwa, nkhope yabwinobwino imayamba kuoneka ngati yapotokera mbali inayo, kutanthauza kuti ubongo wasuntha muyezo wake wa chimene ukuchiona ngati nkhope yoyenera. Ambiri a ife tinaziona m'nyumba zathu pamene ma TV otambalala anafika mawailesi akuulutsabe zithunzi za 4:3, pamene owerenga nkhani onse anangooneka onenepa ndipo patapita masiku ochepa palibe amene ankazitchulanso. Mukakonza makompyuta asanuwo, musadabwe ophunzira akanena tsiku loyamba kuti zinthu zawonda. Bambo Mwale anafunsa chifukwa chimene madandaulo anagawikira pakati pa atsikana ndi anyamata, ndipo funsolo linali loyenera, kungoti mzere wogawa unali wa makalasi.

aPhiri

Njira ilipo, Bambo Mbewe. Yambani ndi kuika madalaivala oyenera (timapulogalamu tothandiza kompyuta kugwirizana ndi sikirini) pa makompyuta asanu aja kuti azitumiza chithunzi cha 1366 ndi 768 monga mmene galasi lilili. Kenako, kwa a ulembi, yesani kuimiritsa sikirini imodzi n'kusintha makonzedwe a Windows kuti chithunzi chitembenuke nawo. Ikaimirira idzakhala ya masentimita 23 chopingasa ndi 41 choimirira, ndipo pepala lonse la A4, la masentimita 21 ndi pafupifupi 30, lidzakwanamo pa kukula kwake kwenikweni. Yang'anani kumbuyo kwa sikiriniyo ngati kuli timabowo tinayi tomangira, chifukwa ngati tilipo, wowotcherera zitsulo aliyense angakupangireni choikapo. Ndati muyese imodzi kaye chifukwa magalasi otchipa a mtundu wa TN amasintha kuwala mukawaonera cham'mwamba kapena cham'munsi, ndipo mukawaimiritsa vuto limenelo limasamukira kumanja ndi kumanzere, moti diso lina limaona mowala kuposa linzake, zimene ena zimawapweteketsa mutu. Kwa amene amagwira kwambiri Excel ya madanga ambiri, kuimiritsa sikuthandiza, ndipo ndi bwino kungobisa zida za pamwamba pa pulogalamuyo kuti mizere ya manambala ichuluke.

Pa khumi amene mukufuna kugulawo, uzani eni sukulu kuti asayang'ane mainchesi okha koma nambala yachiwiri ya timadontho, ndipo isachepere 1080. Sikirini ya 16:9 ya mainchesi 21.5, ya timadontho 1920 ndi 1080, ili ndi msinkhu wa masentimita pafupifupi 27, womwe uja ophunzira anu anali nawo pa yakale, pamodzi ndi malo okwana masamba awiri oyandikana. Ndalama zikalola, ya 16:10 ya timadontho 1920 ndi 1200 ndi yabwino koposa pa ntchito ya ulembi, ndipo galasi likhale la mtundu wa IPS kuti mudzathe kuliimiritsa popanda vuto la kuwala lija.